Belu siliimitsa njinga

Wolemba Mtolankhani Wapadera

KWA Jenala m'boma la Phalombe, munthu amene alibe njinga ali ngati mlimi wopanda khasu. Nandolo amapita kumsika panjinga, matemba a ku Chilwa amafika panjinga, wodwala amakafika kuchipatala cha Chitekesa panjinga. Njinga zamoto zachuluka ndithu, koma si aliyense angakwanitse petulo, ndiye yakapalasa ikadali bulu wa munthu wosauka.

Chomwe chasintha ndi mtundu wa njinga. Makolo athu ankadziwa Humber, Hero ndi Phoenix, zakuda bii, zolemera ngati ngolo. Achinyamata a lero maso awo ali pa mauntenibaiki, ya magiya ndi matayala a zibuluma, ina yatsopano yotchipa, ina yoti anakwerapo kale kunja n'kubwera kuno ngati kaunjika.

Mnyamata akangoigula amathamangira kwa wowotcherera kukaikitsa kaliyala yachitsulo. Kenako khushoni, belu, magalasi awiri, timaliboni ta pulasitiki, mwinanso dzina la timu yampira kumbuyo. Apa ndalama zatha. Ukafunsa za mabuleki, yankho limakhala loti tidzaona nandolo akagulidwa.

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa zinthu zitatu zimene zimasunga moyo wa wokwera njinga ndi mabuleki, foloko ndi malimu. Zinazo n'zodzola chabe.

Anaipangira masewera

Choyamba tidziwe kuti mauntenibaiki sanaipangire matumba a chimanga. Inayambira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970, pomwe anyamata ena ankatola njinga zakale n'kumatsetsereka nazo m'mapiri pofuna kusangalala basi.

M'chaka cha 1976 anayambitsa mpikisano wotsika phiri womwe anautcha Repack. Dzinali linabwera kamba koti buleki ya m'habu yakumbuyo inkatentha mpaka girizi kupsa n'kufuka utsi, ndiye munthu akafika kumunsi ankayenera kumasula habu n'kuthiramo girizi wina. Kutanthauza kuti eni ake a njingayi chinthu choyamba chomwe chinawavuta chinali mabuleki omwewa.

Mmodzi mwa anyamatawo, Joe Breeze, anapanga felemu yoyenera ntchitoyi mu 1977, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa yambiri ya mtundu wa Stumpjumper. Chiyambire nthawi imeneyo opanga ake amaganizira munthu mmodzi ndi botolo la madzi.

Tsono tawerengani za kwathu kuno. Matumba awiri a chimanga ndi makilogalamu 100. Wopalasa tinene kuti 65, njinga ndi kaliyala yake 20. Onse pamodzi ndi makilogalamu 185, kuposa kawiri zomwe njingayo imasenza ikakhala ndi mwini wake yekha. Mabuleki ake ndi omwe aja, masipoko omwe aja, ekiselo yomwe ija.

Sitikunena kuti njingayi ndi yoipa. Felemu yake ndi yolimba, matayala ake amagwira mumchenga, magiya amathandiza pachitunda. Koma ukaisandutsa ngolo, uyenera kuikonzanso kuti ikhale ngolo.

Kuno n'kuchigwa, buleki yanji?

Ambiri kwa Jenala amati kwathu kuno n'kosalala, zitunda zili ku Michesi ndi ku Fort Lister, nanga buleki ndi yachiyani? Ena amachita kuchotseratu yakutsogolo ati imagwetsa. Ena akafuna kuima amaponda tayala ndi patapata, ena amakwekwesa mapazi pansi mpaka fumbi koboo.

Abale, mbuzi siidziwa zoti kuno n'kuchigwa. Mwana wothamangira mpira pamsewu sadziwa, wa njinga yamoto wotulukira pakona sadziwanso. Potsikira kumtsinje pali mtsetse, ndipo tsiku la msika anthu amadzaza msewu wonse. Tsoka silinunkha.

Masamu ake ndi osavuta. Katundu akawirikiza kawiri mabuleki ali omwewo, mtunda womwe njinga imayenda isanaime umawirikizanso kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Patapata sangathane ndi zimenezi.

Za buleki yakutsogolo, zoona zake n'zakuti pamsewu wouma ndi wolimba ndi imene imaimitsa njinga msanga, chifukwa ukamaima kulemera kumathamangira kutsogolo. Imagwetsa munthu akaifinya mwadzidzidzi ngati akufinya ndimu, kapena akaigwira mwamphamvu pamchenga ndi pamatope pomwe tayala limaterereka. Mankhwala ake ndi kuiphunzira, kugwira zonse ziwiri pamodzi mofatsa, osati kuichotsa.

Yambani ndi malabala

Mauntenibaiki ambiri omwe amapezeka kuno ali ndi mabuleki ogwira palimu, makamaka aja amati V-brake, omwe kampani ya Shimano ya ku Japan inawatchukitsa kuyambira 1996. Mabuleki amenewa akakhala bwino ndi amphamvu kwabasi, ndipo wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo wa mango amawadziwa.

Choyamba kuyang'ana ndi malabala. Labala yatsopano imakhala ndi timizere. Timizereto tikafafanizika, labala yatha, ndipo posakhalitsa chitsulo cha m'kati chiyamba kudya limu. Labala yosema kuchokera ku tayala lagalimoto imaoneka ngati nzeru, koma mvula ikangowaza njinga imapitirira ngati sunagwire kanthu.

Labala ikhale molunjika palimu. Ikakwera m'mwamba imakhula tayala m'mbali mpaka chubu kutuzuka n'kuphulika. Ikatsika m'munsi imatha kulumpha limu n'kulowa m'masipoko, ndipo zikatero kutsogolo munthu amauluka.

Chachiwiri ndi kebulo. Ikayamba kuyoyoka timawaya kapena kuchita dzimbiri m'kati mwa chikuto chake, mphamvu ya dzanja imathera m'njira. Kumanga mfundo pa kebulo yoduka n'kudzinamiza. Sinthani kebulo pamodzi ndi chikuto chake, muthiremo kadontho ka oyilo.

Chachitatu ndi zofinyira za pamahandulo. Njinga zotchipa zimabwera ndi zofinyira za pulasitiki ndi mikono ya buleki ya chitsulo chopyapyala ngati chitini, zomwe zimapindika m'malo mogwira limu. Izi ndiye zoyenera kusintha n'kuikapo za aluminiyamu. Koma chenjerani: V-brake imafuna chofinyira chake chomwe chimakoka kebulo yaitali. Mukaphatikiza ndi chofinyira cha mabuleki akale a cantilever, chimafika mpaka pahandulo njinga isanaime bwino.

Muyeso wake ndi uwu: mukafinya mwamphamvu, pakati pa chofinyira ndi handulo pazitsala malo olowa chala.

Nanga a disiki?

Mnyamata aliyense amasirira mabuleki a disiki poti amaoneka ngati a njinga yamoto. Ubwino ali nawo. Sasamala za limu yopindika, sadya limu, ndipo m'matope amagwirabe chifukwa ali pakati pa tayala, kutali ndi pansi.

Vuto ndi lakuti sangoikidwa panjinga iliyonse. Pamafunika habu yokhala ndi pomangira disiki, komanso foloko ndi felemu zokhala ndi timakutu take. Kusintha zonsezi n'chimodzimodzi kugula njinga ina. Ena amapita kokawotcherera timakutu pa foloko yomwe sanaipangire zimenezo. Apa ndi kuputa ngozi dala, chifukwa disiki imakoka mwendo umodzi wokha wa foloko, ndipo mwendo woonda wotenthedwa ndi moto suchedwa kupindika.

Ngati njinga inabwera kale ndi disiki ya kebulo, isungeni. Musalole oyilo wa tcheni kapena girizi kudontherapo, poti akangonyowa ndi mafuta amangolira osagwira. Pokagula zogwirira disiki zatsopano ku Zomba kapena ku Limbe nyamulani zakalezo m'thumba, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kaumbidwe kake.

Aja oyendera mafuta m'kapaipi ndiye abwino zedi, koma kapaipi kakabooka uli kwa Jenala wagwira njakata. Komanso mafuta ake sasakaniza. A Shimano amafuna mafuta awoawo, ndipo ukathiramo a mabuleki a galimoto timalabala ta m'kati timafufuma, buleki yonse n'kuonongeka. Safunsa anadya phula.

Limu ndi masipoko

Katundu yense wa pakaliyala amatsamira pa tayala lakumbuyo, n'chifukwa chake ndi limene limayamba kudandaula. Umangomva kuti thwa, sipoko yaduka. Mwini wake amaipinda n'kuikulunga pa inzake, ulendo n'kumapitirira.

Sipoko imodzi ikaduka, zoyandikana nayo zimasenza ntchito yake, ndipo nazonso zimatsatira. Limu imayamba kuvina uku ndi uku, n'kumakhula malabala. Pofuna kuti isakhule, munthu amamasula buleki. Mwaona mmene sipoko imodzi imachotsera munthu mabuleki?

Wofuna kunyamula katundu asankhe limu ya mabowo 36, osati 32 kapena ochepera apo, ndipo habu ikhalenso ya mabowo 36. Ngati ndalama zilipo, limu ya aluminiyamu ya zipupa ziwiri, ija yokhala ngati kabokosi m'kati, imalimba kuposa ya chipupa chimodzi. Limu yachitsulo yonyezimira ndi yopirira, koma ikanyowa malabala amaterereka, ndiye m'dzinja imafuna kusamala.

Masipoko wamba ndi onenepa mamilimita 2. Alipo a 2.3 ndi a 2.6 omwe a kabaza amawakonda. Ndi abwino ngati mabowo a habu akuwalola. Kukuza mabowo ndi chiboolero kumafooketsa habu, ndipo tsiku lina mkombero wake umangosweka. Amisiri odziwa ntchito amanena kuti chinsinsi chagona pa kukunga: masipoko onse a mbali imodzi akungike mofanana, ukawamenya ndi sipanala azilira mawu amodzi. Tayala la masipoko wamba lomangidwa ndi mmisiri wofatsa limaposa la masipoko onenepa lomangidwa mothamangira ndalama.

Pitaninso ndi chala m'mbali mwa limu momwe mumadutsa labala. Mchenga ndi matope zimapala aluminiyamu pang'onopang'ono. Mukamva kuti mwakumbika ngati supuni, limuyo yatsala pang'ono kung'ambika, ndipo imang'ambika tayala lili lopopa bwino, katundu ali pamwamba.

Werengani manambala

Ambiri ataya ndalama pogula tayala kapena limu yosalingana ndi njinga yawo kamba kodalira mainchesi. Wogulitsa amangoti iyi ndi 26, inu n'kulipira, kufika kunyumba osalowa.

M'mbali mwa tayala mumalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 50-559. Yachiwiriyo ndiyo yofunika. Mauntenibaiki ya mainchesi 26 ndi 559. Njinga zina za m'tauni zochokera ku Japan nazonso amati 26, koma nambala yake ndi 590, ndipo matayala ake salowana ndi a mauntenibaiki. Ya 27.5 ndi 584, ya 29 ndi 622, pomwe ya makolo ija ya 28 ndi 635. Inde, 28 yakaleyo limu yake ndi yaikulu kuposa ya 29.

Kwa munthu wa kumudzi 559 ndiye yabwino pa mauntenibaiki, poti matayala, machubu ndi malimu ake savuta kupeza, komanso tayala laling'ono limapirira katundu kuposa lalikulu lomangidwa mofanana.

Ekiselo nayo ili ndi nkhani yake. Pa njinga zambiri zotchipa magiya akumbuyo amachita kupotera pahabu, ndipo izi zimasiya mbali yaitali ya ekiselo ilibe chochirikiza. Ndi pomwe imapindikira kapena kuthyoka. Choipitsitsa n'chakuti ena amamangirira zopondera za pasenjala pa ekiselo yomweyo. Zopondera zikhale pa miyendo ya kaliyala, ndipo ekiselo ya bowo m'kati, ija yotsekera ndi kachogwirira, isinthidwe n'kuika yamphumphu ya manati. Ubwino wina ndi woti wakuba sangachotse tayala ndi manja okha mukadali mumsika.

Musaiwale pampu. Tayala lofewa litasenza matumba likagunda mwala, limu imaluma chubu mabowo awiri, nayonso limu n'kuphwanyika mlomo.

Foloko ya mashoko

Foloko ya mashoko inatchuka kuchokera mu 1989 pomwe kampani ya RockShox ku America inatulutsa yoyamba. Yeniyeni imakhala ndi mafuta kapena mpweya m'kati, ndipo imafuna kumasulidwa ndi kusinthidwa timalabala kawirikawiri. Kunjako eni ake amalipira ndalama zambiri pa ntchito imeneyi.

Zomwe zimabwera pa njinga zotchipa ndi sipuling'i chabe m'kati mwa paipi. Fumbi la chilimwe likalowa, madzi a dzinja n'kutsatira, m'kati mumachita dzimbiri. Mapeto ake ndi awiri: foloko imauma gwa n'kungotsala kulemera, kapena imagwedera ngati dzino la nkhalamba.

Kuti mudziwe, gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva gogogo, yambani mwamangitsa pakhosi pomwe foloko imalowera mufelemu, mwina ndi mabelingi chabe. Zikapitirira ndipo mukuona miyendo ikusewera m'mapaipi ake, foloko yatha. Foloko yogwedera imapangitsa njinga kunjenjemera pogwira buleki, nthawi yomwe umafuna kuti ikhazikike.

Apa ndi pomwe nzeru za kwa Jenala zimasiyana ndi za ku California. Wolemera akafuna kukweza njinga yake amagula mashoko odula. Wonyamula nandolo akafuna kukweza yake achotse mashoko akufawo aikepo foloko yachitsulo yopanda mashoko. Ndi yopepuka, siifuna mafuta, ndipo ilibe chogwedera.

Pogula yang'anani zinayi. Paipi yolowa mufelemu imakhala ya mamilimita 25.4 kapena 28.6 pa njinga zambiri zakale. Ina ili ndi mazinga opotera nati, ina ilibe. Kutalika kwa paipiyo kukwanire khosi la felemu yanu. Pomaliza, miyendo isafupike kwambiri kuyerekeza ndi yakale ija, apo ayi njinga imagwada kutsogolo n'kumakhota mopupuluma, komanso timitu tomangira mabuleki tilingane ndi limu yanu. Njira yachidule ndi kunyamula foloko yakale popita kusitolo.

Foloko yomwe inagundapo chinthu ndiye yoopsa kuposa zonse. Imirirani pambali muione: ngati miyendo yabwerera kumbuyo, kapena penti yasweka m'munsi mwa khosi, chitsulo chavulala. Ya aluminiyamu siwongoleka, imangosweka mosachenjeza. Yachitsulo amaiwongola, koma akaiotcha pamoto kapena kuiwongola kachiwiri mphamvu zake zimakhala zapita. Tcheni ikaduka umatsika n'kukankha. Foloko ikathyoka, nkhope ndiyo imayamba kufika pansi, matumba n'kukupeza pamsana, ndipo ulendo wa kumsika umathera ku Holy Family kapena kuchipatala chachikulu ku Migowi.

Pali mtundu winanso wa mauntenibaiki wokhala ndi sipuling'i pakati pa felemu. Umaoneka wapamwamba, koma kumbuyo kwake kumayenda pakokha, ndiye kaliyala ilibe pogwira polimba. Wofuna ya ntchito aipewe.

Dzinja ndi makande

Aliyense wa m'chigwa cha Phalombe amalidziwa dothi la makande. Mvula ikagwa limamatirira kutayala, n'kuunjikana pafoloko ndi pamabuleki mpaka njinga kukana kuyenda. Munthu amafuna kamtengo n'kumatokosa, ena amangomasula buleki kuti matope azidutsa, n'kuiwala kubwezeretsa.

Anthu a boma lino amadziwa zomwe madzi amachita. Napolo wa mu Malichi 1991 sanaiwalike, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu. Milatho ikapita, njinga ndi imene imaoloka, ina itasenzedwa paphewa, ina ikukankhidwa m'madzi.

Njinga yomwe yamira mpaka m'mahabu imafuna kumasulidwa, kupukutidwa ndi kuthiridwa girizi watsopano. Mukaisiya, madzi ndi mchenga zimadya mabelingi ndi makoni, tayala n'kuyamba kugwedera. Ndipo musaike tayala lonenepa mopitirira muyeso. Siyani mpata pakati pa tayala ndi foloko woti matope azidutsa.

Ndalama zipite kuti?

Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa nazo zimakwera. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Palibe angasinthe zonse tsiku limodzi, n'chifukwa chake ndondomeko ndi yofunika.

Yambani ndi malabala ndi makebulo, poti ndi zotchipa kuposa zonse koma ndi zomwe zimapulumutsa. Kenako masipoko oduka ndi kuwongola limu, chifukwa buleki yabwino palimu yovina siigwira ntchito. Kachitatu ekiselo ndi girizi. Foloko isinthidwe ikagwedera, koma ngati ili ndi mng'alu idumphe mzere wonse, njingayo isakweredwenso mpaka itasinthidwa. Belu ndi kanyali konyezimira kumbuyo n'zofunika, makamaka kwa oyenda usiku. Timaliboni tidikire.

Amene akukayika aone njinga ya Buffalo, yomwe bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, linapangira misewu ya kumidzi ngati yathuyi. Ilibe mashoko, foloko ndi yachitsulo, masipoko ndi onenepa, ndipo kaliyala yake anaipangira makilogalamu 100. Akatswiri atakhala pansi kuganizira njinga ya katundu anafika pomwe amisiri athu a pansi pa mango anafika kale: chochepa zogwedera ndicho chimakhalitsa.

Nanu okwera kabaza muli ndi mbali yanu. Mumakambirana mtengo mpaka thukuta, koma ndi angati amayang'ana ngati kutsogolo kuli buleki? Musanakhale pakhushoni, finyani zofinyira zonse ziwiri, yang'anani malabala, onani ngati masipoko alipo onse. Wa kabaza wosamala sangakwiye nazo, ndipo amene wakwiya wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa. Okwera akayamba kusiya njinga zopanda mabuleki pasiteji n'kukwera za anzawo, malabala adzagulidwa tsiku lomwelo nandolo asanagulidwe.